Madzi a M'manja mwa a Lufeyo

Senderani kufupi ndi mbaulayi, mzere wa magalimoto odikira mafutawu susuntha msanga. Inu a kapu yofiira, lekani kuwomba injini, mafuta satunga pachitsime. Bwerani ndikuonetseni dzino. Mwaliona? Ili lachikasuli, lalitali kuposa anzake. Si langa. Ndati si langa, ndipo musaseke msanga.

Ine ndine Gelesomu wa ku Dowa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, mwa kufuna kwa aphunzitsi, koma chiwongolero ndachigwira zaka makumi awiri. Pikapu yanga ndi iyo yaima apoyo, anthu amaitcha Tiyeseko. Yanyamula soya, fodya, mbuzi, akwati ndi odwala. Tsiku lina inanyamula a Lufeyo.

A Lufeyo anali makaniko pa Mponela. Galaja yawo inali mthunzi wa mtengo wa mango, katoni yogonapo kunsi kwa galimoto, ndi chitini cha masipanala. Anali munthu wosalankhulalankhula. Akaona kuti chitsulo chatha, ankangoviika chala chachikulu mu oyilo wakuda n'kudinda pachitsulocho. Chikadindidwa, mawa lake chichoka, ufune usafune. Ulire, unene kuti ana alibe ndiwo, iwo amangopukuta manja pansanza yawo n'kuyang'ana kumbali.

Ine ndi iwo tinali ngati mphaka ndi madzi. Oyilo ndinkasintha chaka cha mavoti chokha. Lamba wa fani ndinapota ndekha ndi mphira za chubu. Rediyeta ikadontha ndinkaswera dzira laliwisi m'menemo, bowo n'kutsekeka.

Tsiku lina anatsegula kachitini ka mabuleki nanunkhiza.

"Gelesomu, muno walowetsamo chiyani?"

"Mafuta a mabuleki, madala."

"Mafuta a mabuleki amachita thovu?"

"Ndi a masiku ano amenewo."

Anali madzi a sopo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati m'busa woyang'ana chidakwa chimene chavala yunifolomu ya kwaya.

"Umanyamula anthu iwe," anatero. "Tsiku lina ndidzaigwira galimoto imeneyi iwe kulibe. Chilichonse chotha ndidzachotsa."

Ndinaseka, ndinaliza Tiyeseko, ndinapita.

Anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa miyala. Mlongo wawo, a Nambewe, mayi wamfupi wa mawu ngati belu, anandipempha kuti ndinyamule maliro kupita kwawo kwa Kaphala, kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi. Ndikanakana bwanji?

Tsono mvetserani apa, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Kwa Kaphala ali ndi mwambo wawo. Munthu wantchito ya manja akamwalira, akatha kumusambitsa, amamutsuka manja paokha ndi madzi ena. Madzi amenewo sataya. Amapita nawo limodzi ndi maliro, kukathira m'manda, kuti ntchito imene inali m'manjamo ikagone pamodzi ndi mwini wake. Apo ayi, amati munthu saweruka.

Panyumba ya makaniko palibe mtsuko wokongola. Amayi anathira madziwo m'chigubu chachikasu cha oyilo, cha malita asanu, n'kuchiika kumbuyo kwa mpando wanga. Kumbuyo kwa mpando komweko n'kumene kumakhala chigubu changa cha madzi a rediyeta. Chachikasu. Cha oyilo. Cha malita asanu. Kusiyana kwake kunali kachingwe kabuluu kokha kamene ndinamanga pachogwirira cha changa.

Tikukwera chitunda chachikulu chija, amayi akuimba kumbuyo, Tiyeseko anayamba kulira ngati ketulo. Dzira lija linali litagonja. Nthunzi fooo! Amayi analeka kuimba. Wina anati, "Maliro akukana." A Nambewe anati, "Si maliro, ndi chiphaphachi." Manyazi anandigwira. Ndinaswera dzira lina, ndinapisa dzanja kuseri kwa mpando osayang'ana, ndinakoka chigubu, gubudu gubudu, onse m'rediyeta.

Ndinadabwa chinthu chimodzi. Galimoto yonse inali ng'anjo, koma madziwo anali ozizira ngati a m'mtsuko wa m'nyumba yaudzu. Anandizizira mpaka m'chigongono. Injini inalira kamodzi kokha, bwinobwino, ngati yachokera m'sitolo.

Kumanda, a Nambewe atagwada kuti athire madzi, ndinaona kachingwe kabuluu kakulendewera pachigubu. Mtima unagwera m'nsapato. Ndinayang'ana adzukulu, amuna asanu ndi atatu, aliyense ndi khasu m'manja. Ndinayang'ana njira yothawira, inali yaitali. Ndinatseka pakamwa. A Lufeyo anakwiriridwa ndi madzi a pamjigo wa kwathu, ine ndinabwerera ndi manja awo m'galimoto.

Sabata yoyamba panalibe kanthu, kupatula kuti Tiyeseko analeka kutentha. Ndikatsegula rediyeta, madzi ali pomwe paja, osatsika ngakhale kadontho.

Kenaka sipanala yanga ya 13 inasowa. Ndinanamizira anyamata a pamsika. Ya 17 inatsatira. Pulaya inatsatira.

M'mawa wina ndinapeza katoni itayalidwa kunsi kwa galimoto. Ine sindigonera katoni, ndimagona pafumbi pomwepo ngati nkhuku. Ndinaikoka. Pakati pake panali popindika, ngati pagona msana wa munthu, ndipo panali pozizira, pomwe dzuwa linali litatuluka kale. Ndinaitaya kudzala. M'mawa mwake inali pomwe paja.

Nditatsegula boneti tsiku limenelo, ndinaona pa lamba wanga wamphira uja chidindo cha chala chachikulu. Chakuda bii, mizere yake yonse kuoneka. Ndinapukuta ndi nsanza, ayi. Ndinapaka petulo, ayi. Kutacha, mphira zanga zinali pamwamba pa boneti, zitapindidwa bwinobwino ngati malaya a ku tchalitchi. M'injini munali lamba weniweni. Sanali watsopano, koma wolimba, ndipo m'mizere yake munali dothi lofiira. Kwathu dothi ndi lakuda. Lofiira ndinaliona komaliza pamakasu a adzukulu aja.

Mkazi wanga, Elube, anapeza kachitini ka madzi a sopo pakhomo pa khitchini.

"Bambo a Tadala, mwayamba liti kundibwezera sopo wanga?"

"Ndatembenuka mtima."

"Inu? Ndiye mvula igwa mu Okutobala muno."

Mabuleki anagwira tsiku limenelo mpaka mbuzi za kumbuyo zinabwera kudzandipatsa moni kutsogolo.

Ndikanachita mantha, eti? Ndinachita pang'ono. Koma taganizani inu nomwe. Sevisi yaulere! Makaniko wosadya, wosakalipa, wosapempha ya fanta! Mapulagi anadindidwa, anasinthidwa. Oyilo wanga wa mavoti uja ndinamupeza m'beseni, wakuda ngati phala la mwaye, ndipo pachitsulo choyezera panali wina woyera ngati uchi. Ndinayamba kudzitama pasiteji kuti ndaphunzira umakaniko kudzera m'maloto.

Batire lokha ndinalikonda, chifukwa linali la malemu bambo anga. Litadindidwa ndinalimasula, ndinalikweza panjinga, ndinakalibisa kwa alamu anga kutsidya la dambo, kunsi kwa bedi, n'kufunditsa thumba. Kutacha, batire la bambo linali pa boneti. Alamu anati chitseko chawo sichinatsegulidwe, galu sanauwe. Apa ndinadziwa kuti chodindidwa sichithawa.

Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, ndinaima pa Mponela kudikira anthu. Mayi wina wonyamula dengu la tomato anafika pawindo.

"Adalaivala, tinyamuka nthawi yanji? Makaniko wanuyo atuluka liti kunsiko?"

"Makaniko uti, mayi?"

"Amene wagona kunsiyu. Ndamuponda mwendo, sanadandaule n'komwe."

Tinatchera khutu. Kunsi kwa galimoto kunamveka ngwe, ngwe, ngwe, sipanala ikugogoda chitsulo mosafulumira. Ndinatsika, ndinawerama. Kunali katoni yokha. Mayi uja anasenza dengu lake n'kukakwera njinga ya kabaza.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinaganiza za wailesi yanga yakufa. Ndinaisiya pampando madzulo, m'mawa inkaimba. Ndinasiya ndowa ya Elube yobooka, m'mawa inali yomatidwa. Ndiye ndinati, bwanji ndizivutika kunyamula zinthu? Ndinasendeza galimoto mpaka mphuno yake inagunda khonde, ndinasiya chitseko cha nyumba chosakhoma. Ndinawaitana ndekha, abale anga. Ndekha ndi manja angawa.

Chitseko chinaleka kulira. Mwendo wa bedi umene unkakhalira njerwa unalowedwa m'malo ndi wina, wa thabwa lopakidwa vanishi mbali imodzi, lonunkha chinyezi. Thabwa loterolo ndinalidziwa kumene limagwira ntchito, koma sindinafune kuliganizira.

Tsono ndinali ndi dzino logwedera, limene linkandisautsa chaka chonse. M'mawa wina Elube anandiyang'ana pa tiyi.

"Kasambeni kumaso, mwadzipaka oyilo patsaya."

Ndinayang'ana pagalasi la galimoto. Chala chachikulu, patsaya lakumanja, pamwamba penipeni pa dzinolo. Ndinakwecha ndi sopo, ndi mchenga, ndi mwala wotsukira mapazi, khungu linatupa koma chidindo chili nji. Ndinalumbira kuti sindigona. Ndinamwa tiyi wopanda mkaka makapu anayi, ndinakhala tsonga pampando. Sindikudziwa chimene chinachitika. Ndinangoona kwacha, khosi lili lopindikira kumbuyo, pakamwa pali yasa, ngati boneti yotsegula.

Dzino langa linali panja, pa boneti, lotsukidwa bwino, litaikidwa pakansanza. M'kamwa munali ili. Lolimba ngati bawuti. Linkamveka kukoma kwa fodya wa chingambwe, ine chibadwire sindinasutepo. Ndinalavula, malovu anatuluka ofiirira ngati dothi.

Tsiku limenelo ndinakhoma chitseko, ndinakankhira galimoto kutali kumunda. Ndinali nditachedwa.

Elube wanga ali ndi mphumu. Chiyambire utsikana wake, chifuwa chake chimaimba kamluzu, makamaka nyengo yafumbi. Ine ndinazolowera, mwina sindingagone popanda kamluzu kameneko. Patapita masiku atatu, m'mawa, anatuluka kubafa atamanga chitenje m'khwapa, akupukuta m'makutu.

"Sopo wa masiku ano ngwabodza," anatero. "Taonani, kadothi aka kakukana kuchoka."

Pansi pa khosi, pakati penipeni pa chifuwa. Chala chachikulu. Mizere yake yonse kuoneka.

Kapu inandigwa m'manja. Ndinamukhazika pansi, ndinamuuza zonse, kuyambira pachitunda chija mpaka dzino. Sanandidule mawu. Nditamaliza anafunsa mwakachetechete.

"Zimene amachotsazo amaziika pati?"

"Pa boneti."

"Ndiye mawa mupeza mapapo anga pa boneti, atapindidwa bwinobwino?"

Ndinawerama kutola kapu ija.

"Gelesomu," anatero, ndipo dzina langa amalitchula pokhapokha zikavuta, "zaka khumi ndi zisanu ndakupirira. Unagulitsa nkhuku zanga kuti ugule tayala, ndinakhala chete. Lero wandipereka kugalaja?"

Ndinathamangira kugalimoto, ndinakwawira kunsi kuti ndimasule bawuti yotulutsira madzi, nditaye zonse pomwepo. Inali yomangidwa ngati yawotcheredwa. Elube anandikoka mwendo.

"Mutu wako uli ndi dzira lomwe lija? Ukawathira pano, ndiye kuti wawapatsa malo pakhomo pathu mpaka kalekale. Madziwa apite kwawo. Liza galimoto."

"Iwe tsala, upite kwa amayi ako."

"Batire linatsala kwa alamu ako, linapulumuka? Ndikwera."

Kuchokera kwathu kufika kwa Kaphala ndi ulendo wa maola anayi msewu ukakhala wachifundo, ukapanda chifundo ndi tsiku lonse, ndipo kumanda salowako dzuwa litalowa. Tinanyamuka nkhuku zisanamalize kutola za m'mawa.

Galimoto inkayenda ngati ya nduna. Palibe kugwedera, palibe kulira kwa chitsulo, zii, mpaka ndinkamva mtima wanga. Titadutsa Mponela, fumbi linalowa pawindo, Elube anatsokomola. Pomwepo injini inatsitsa mawu. Sindinachotse phazi pa mafuta, koma inatsitsa mawu yokha, pang'onopang'ono, ngati munthu amene waleka kulankhula kuti atchere khutu. Galimoto inayenda mwakachetechete mpaka inaima pakati pa msewu. Tinamva kamluzu ka m'chifuwa mwa Elube kokha, fiii, fiii. Kunsi kwa mpando wake kunagogoda kamodzi. Ngwe.

"Akumvetsera," Elube ananong'ona.

A Lufeyo ankatero ali moyo. Ankaika khutu pa injini, maso ali otseka, kuti amve pamene pali vuto.

Ndinatsegula wailesi ija mpaka kumapeto, inangoti phwii n'kuzima. Ndiye ndinayamba kuimba. Ine mawu anga ndi oti abusa anandipempha mwaulemu kuti ndizingowomba m'manja. Ndinaimba za kwaya, za chinamwali, za mpira, ndikumenya chitseko ndi dzanja. Injini inadzuka. Elube anatseka pakamwa ndi chitenje, misozi ikutsika chifukwa chobweza chifuwa, koma pena ndinkaona kuti akuseka.

"Ukasiya kuimba ndikupha," anatero. "Ukapitiriza ndifa ndekha."

Pamlatho wina tinaona bambo ataima m'mbali mwa msewu, atatifulatira, atavala ovolosi yabuluu yotuwa, akupukuta manja pansanza. Sanatiimitse. Patapita mtunda wautali, pamphambano, yemweyo, atatifulatirabe, akupukutabe. Pachitunda chija pamene ndinalakwitsa chigubu, anali ataima pakati pa msewu. Ndinatseka maso, ndinaponda mafuta, ndikukuwa nyimbo ya Khirisimasi. Sitinagunde kanthu. Koma m'galimoto munadzaza fungo la girizi, ndipo mpando wa pakati pa ine ndi Elube unatsika pang'ono, n'kukhala chotsika.

Kuchokera pamenepo sitinayang'anane. Aliyense maso kutsogolo.

Tinafika kwa Kaphala dzuwa litapendeka. A Nambewe anali pakhonde akusenda chinangwa. Anayang'ana galimoto, anayang'ana ine, anaika mpeni pansi.

"Ndimadziwa kuti wina abwera," anatero. "Chiikireni achimwene, pamtumbira pawo sipauma, ndipo m'mawa uliwonse pamakhala mapazi otuluka. Talankhula, mwana iwe."

Ndinagwada, ndinalankhula. Anandilalatira mawu amene sindingawabwereze pano chifukwa pali ena a mpingo. Kenaka anati, "Tayasamula."

Ndinayasamula. Anasuzumira, anabwerera m'mbuyo.

"Ili ndi la malume athu a Zefaniya. Anamwalira chaka cha njala chija. Ankaseka nalo pamaliro pomwe."

Elube anatsitsa chitenje pang'ono, anawaonetsa chidindo. A Nambewe anayang'ana kunkhalango ya manda kumunsi kwa mudzi.

"Lachiwiri lapitali tinaika mtsikana," anatero pang'onopang'ono. "Woimba kwaya. Ankakoka mawu mpaka anthu kutsidya la mtsinje ankamva. Chifuwa chabwino zedi."

Elube anandigwira dzanja, zikhadabo zake zinalowa m'khungu.

A Nambewe anaitanitsa a Chimphepo, mkulu wa adzukulu, chifukwa kumanda sulowa popanda iwo. Anali bambo wamtali, wa diso limodzi loyera. Atamva nkhani anangoti, "Dzuwa latsala mikono iwiri. Likalowa, ine sindilowetsa munthu, ngakhale abwere ndi mbuzi."

Galimoto inafika m'mphepete mwa mitengo, sikanatha kupitirira. A Nambewe anabweretsa chigubu changa chija, kachingwe kabuluu kali pomwepo.

"Dontho limodzi lisagwe kunja kuno," anatero a Chimphepo. "Onse alowe m'chigubu, onse akafike kwa mwini wake."

Ndinakwawira kunsi. Bawuti ija, ayi. Mudzi wonse unalibe sipanala, kupatula ya njinga, imene inapindika ngati nthochi. Ndinayesa kudula payipi ya pansi ndi mpeni wa chinangwa uja, mpeni unaterereka ngati ndikudula mwala wa mumtsinje. Makaniko weniweni salola galimoto kutuluka ntchito isanathe. Ndili chigonere kunsiko, ndinamva kuti sindili ndekha. Wina ankapuma pafupi ndi khutu langa, modekha, ngati akudikira kuti nditope.

"Mkono umodzi," anatero a Chimphepo.

Apa ndinakumbukira luso lokhalo limene a Lufeyo sanandiphunzitse, luso la dalaivala aliyense wa matola: kuyamwa petulo ndi kapayipi. Ndinakatulutsa kuseri kwa mpando, ndinatsegula rediyeta pamwamba. Galimoto yayenda tsiku lonse, koma chitsekerero chinali chozizira ngati mwala wa m'madzi. Ndinalowetsa kapayipi, ndinaika mlomo, ndinakoka.

Palibe. Ndinakokanso. Palibe, ngati wina watsina kapayipi mkatimo.

"Achimwene," anatero a Nambewe, akulankhula ndi injini, manja ali m'chiuno, "musandichititse manyazi pamaso pa alendo. Mayiyu si galimoto. Amene anamupanga ndi wina, ndipo sanakupatseni ntchito imeneyi. Tasiyani!"

Ndinakoka kachitatu ndi mphamvu zanga zonse. Madzi anabwera. Nthawi yomweyo Elube, amene anabweza chifuwa kuyambira pachitunda, analephera kupirira. Anatsokomola kwambiri mpaka anagwada. Ine ndinadzidzimuka, ndinatembenuka, ndipo khosi langa linachita zimene khosi limachita.

Kwiti.

Ndinameza kamodzi kokha. Ndinalowetsa msanga kapayipi m'chigubu. Wina wa inu anena kuti kapayipi sikangakoke madzi onse a m'injini. Ndikudziwa. Koma awa anatuluka okha, akuthamanga, ozizira mpaka chigubu chinachita thukuta. Analeka chitatsala pang'ono kudzaza. A Chimphepo anachinyamula, anachiyang'anitsa kudzuwa ndi diso lawo labwino lija.

"Achepa pang'ono."

"Ndi nthunzi, madala," ndinatero. "Galimoto imatentha."

Anandiyang'ana. Ndinatseka pakamwa, monga ndinachitira tsiku la maliro.

Tinalowa m'mitengo, dzuwa lili lofiira pakati pa nthambi. A Chimphepo anakumba kadzenje pambali pa mtumbira, mbali imene kuli manja. A Nambewe anagwada, anathira pang'onopang'ono.

"Achimwene, manja anu awa. Mwagwira ntchito zaka makumi anayi, yakwana. Zotsalazo akonza ena. Werukani."

Dothi linamwa madzi onse osasiya chinyezi. Kunali zii, ngakhale mbalame. Kenaka kumbuyo kwathu, kumene tinasiya galimoto, kunamveka ngwelengwendeee, zitsulo zikugwa pamalata. Titabwerera tinapeza sipanala ya 13, ya 17 ndi pulaya zili kumbuyo kwa pikapu, zopukutidwa, zitandandalikidwa kuyambira yaing'ono. Mpando wa pakati unali utabwerera m'malo mwake.

Elube analavulira pachala, anapukuta pachifuwa. Chidindo chinachoka ngati mwaye wamba. Anapuma kwambiri, kamluzu kanalira, fiii. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero.

Tinagona kwa a Nambewe. M'mawa tinathira madzi a pachitsime chawo, ndipo pachitunda chomwe chija Tiyeseko anawira ngati ketulo. Ndinatsika, ndinavina pamsewu. Elube anati ndikwere ndisanamuchititse manyazi.

Nkhani ikanathera pamenepo ikanakhala yabwino.

Patapita sabata, ndili pasiteji, minibasi ina inadutsa. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Beringi yakumbuyo kumanzere yatsala masiku atatu." Inathadi masiku atatu. Ine amene sindinkasiyanitsa pulagi ndi chitsononkho! Lero Tiyeseko ndimamusintha oyilo pa nthawi yake, mabuleki ndimathira mafuta enieni, dzira ndimadya. Ndikaona munthu wamanga chitsulo ndi waya, ndimatulutsa sipanala osapemphedwa.

Ndipo chala ichi. Tachionani. Ndimasamba ndi sopo madzulo aliwonse, chimayera. M'mawa chimakhala chonchi, chonyowa ndi oyilo wakuda, ngakhale ndisanakhudze galimoto.

Elube ndinamuuza, ulendo uno sindinabise. Sanalalate. Anatenga mphira za chubu zija, zimene zinali lamba wa fani, ndipo tsiku lililonse pogona amandimanga dzanja lamanja kumwendo wa bedi, mfundo zitatu. Iye amagona mbali inayo. Chifukwa kamluzu kaja ndimakakondabe, abale anga, Mulungu ndi mboni. Koma masiku ano ndikakamva, ndimadziwa pamene pakutuluka mpweya. Ndimadziwa mbali yake, ndimadziwa ndi sipanala yake.

Mzere wayamba kusuntha, tiyeni tikalize magalimoto. Inu a kapu yofiira, dzukani bwino, bondo lanu lamanzerelo ndalimva chifikireni, latha mafuta. Ayi, musathawe, ine sindinakukhudzeni. Tinangopatsana moni wa pamanja basi, ndipo mwina ndinakusisitani pabondo pamene munkaseka za dzira.

Nanga pathalauza panupo ndi chiyani chakudacho?